Xpert BCR-ABL Ultra: katiriji yofufuza khansa ya m'magazi yotsalira wodwala akaoneka ngati wachira

Munthu wodwala khansa ya m'magazi ya mtundu wa CML (chronic myeloid leukaemia) akayamba kumwa mankhwala a imatinib, thupi limasintha msanga moti achibale amayamba kukayika ngati analidi ndi khansa. Kapamba amene anatupa mpaka kutsikira kumchombo amaphwa, thukuta la usiku limaleka, nsima imayambanso kulowa. Maselo oyera amene anali 200,000 kapena kuposa pa microlitre imodzi amatsika n'kufika pansi pa 10,000, kawirikawiri miyezi 3 isanathe. Mukayeza full blood count, kuyeza kowerenga maselo a m'magazi, pepala limatuluka ngati la munthu amene sanadwalepo. Mukapaka magaziwo pagalasi n'kuyang'ana pa maikulosikopu, simuona kanthu kodabwitsa.

Komatu apo mtengo wangodulidwa, chitsa chikadali m'nthaka. Pa nthawi imene munthu amapezeka ndi khansa ya m'magazi, m'thupi mwake mumakhala maselo oipa pafupifupi 1,000,000,000,000. Ngakhale mankhwala aphe 99 pa 100 alionse, otsalawo akadali 10,000,000,000, ndipo diso silingawatole pakati pa maselo abwino. Ntchito ya katiriji imene tikukambayi, kabokosi kolowetsa m'makina a GeneXpert, n'kuwerenga otsalawo.

Maganizo athu tinene pachiyambi pomwe. Pa ntchito yolondola wodwala CML amene ali pa mankhwala, Xpert BCR-ABL Ultra ya kampani ya Cepheid ndi chida chabwino, ndipo kwa labotale imene ilibe akatswiri a PCR (njira yochulukitsira jini kuti ioneke), palibe china chophweka chotere. Koma ili ndi malire ake oopsa, ndipo nambala yake ingathe kunamiza dokotala ngati magazi anagonera panjira kapena ngati palibe amene anatsimikiza mtundu wa jini pa tsiku loyamba.

Chimene imafunafuna m'magazi

CML ili ndi chizindikiro chimene maselo abwino alibe. Mu 1960, Peter Nowell ndi David Hungerford a mumzinda wa Philadelphia anaona kuti odwala matendawa ali ndi chromosome (kachingwe konyamula majini m'selo) imodzi yaifupi modabwitsa, ndipo mu 1973 Janet Rowley wa ku Chicago anasonyeza chifukwa chake: chromosome 9 ndi chromosome 22 zimaduka n'kusinthana zidutswa. Pamene zalumikiziranapo pamabadwa jini yachilendo, BCR-ABL1, imene imapanga enzyme yosadziwa kupuma, yolamula maselo oyera kuti azingoswana. Imatinib, imene inavomerezedwa ku America mu 2001, imatseka enzyme imeneyo. Ndiye selo lililonse la khansayi limanyamula chidindo chake, ndipo amene angawerenge zidindozo wawerenga matenda.

Katiriji siwerenga maselo enieniwo ayi. Imatenga RNA ya m'maselo oyera, imene ili ngati kope la jini, n'kuisandutsa DNA, kenako n'kuichulukitsa ndi PCR. Pa kuzungulira kulikonse kwa kutenthetsa ndi kuziziritsa, zidutswa zimawirikiza kawiri, ndipo makina amayang'ana kuti kuwala kwayamba kuoneka pa kuzungulira kwachingati. Nambala imeneyo ndiyo Ct. Jini ikakhala yambiri kuwala kumafulumira, ikakhala yochepa kumachedwa, ndipo kusiyana kwa Ct pafupifupi 3.3 kumatanthauza kusiyana kwa kakhumi. Pambali pa BCR-ABL1, katiriji imayezanso jini wamba ya ABL1 imene imapezeka m'maselo onse. Imeneyi ndiyo muyezo wofanizira, komanso mboni yakuti m'chubu munalidi RNA yokwanira. Yankho limatuluka ngati peresenti ya yoyambayo poyerekeza ndi yachiwiriyo.

Kwa Amalawi njira yachidule yomvetsera ndi viral load ya HIV. Munthu wa pa ma ARV amaoneka wathanzi, koma chimene chimatiuza ngati mankhwala akugwira ndi kuyeza kachilombo m'magazi, ndipo aliyense wa ku kiliniki ya ART amadziwa kuti kusapezeka kwa kachilombo sikuchira. N'chimodzimodzi kuno. Ngakhale makina ake ndi omwewo: GeneXpert imene inafala m'zipatala za m'maboma chifukwa cha TB, bungwe la WHO litavomereza Xpert MTB/RIF mu December 2010, ndiyo imalandiranso katiriji imeneyi. Apa ndi pamene pagona ubwino wake waukulu. Simugula makina atsopano, simumanga zipinda zitatu zosiyana monga PCR ya masiku onse imafunira pofuna kupewa kuipitsana kwa masampulo, chifukwa zonse zimachitikira m'kabokosi kotsekedwa kamene mukatha mumataya.

M'bokosi muli chiyani, ndipo mulibe chiyani

Bokosi limodzi limabwera ndi makatiriji 10, proteinase K, mankhwala osungunula maselo otchedwa lysis reagent, ndi timabotolo ta wash reagent. Chinthu choyamba chimene anthu ozolowera makatiriji a TB amalakwitsa ndi kasungidwe. A TB amapirira mpaka madigiri 28, koma awa amafuna firiji, pakati pa madigiri 2 ndi 8. Amene angawaike pashelefu pamodzi ndi anzawo a TB wawononga bokosi lonse.

Zimene mulibe m'bokosi n'zimene zimaimitsa ntchito: absolute ethanol, machubu a 50 ml osongoka pansi, vortex mixer, mapipeti ndi matipi ake okhala ndi sefa. Ethanol ndiye amavuta kwambiri. Spirit wa pa wodi kapena wa 70 peresenti wopukutira mabenchi sangalowe m'malo mwake, chifukwa madzi amene ali mmenemo amalepheretsa RNA kumamatira pamene iyenera kugwidwa m'katiriji. Ndipo botolo la absolute ethanol likamasiyidwa chitsegukire limayamwa chinyezi cha mumpweya, makamaka nthawi ya dzinja. Oda ya makatiriji yopanda ethanol ndi oda yosakwanira, ndipo zimenezi zimachitika kawirikawiri chifukwa wogula amaganiza kuti dzina la GeneXpert limatanthauza kungothira n'kutseka.

Sizili choncho. Pali ntchito ya manja ya pafupifupi mphindi 30, ndipo ndi mmenemu mmene zambiri zimasokonekera.

Magazi amatengedwa m'chubu cha chivindikiro chapepo, cha EDTA, ndipo pamafunika 4 ml yathunthu. Chubu cha chivindikiro chobiriwira, cha heparin, n'choletsedwa chifukwa heparin amatsekereza PCR. Poti machubu ambiri apepo ndi a 4 ml ndipo sadzaza mpaka pamzere, ndi bwino kutenga awiri, makamaka ngati magazi omwewo akufunikanso pa full blood count. Chubu chitembenuzidwe pang'onopang'ono kangapo magazi akangolowa, kuti asaundane. Magazi oundana atayeni, musalimbane nawo.

Zonse zitulutsidwe m'firiji mphindi 20 ntchito isanayambe. Yang'anani botolo la lysis reagent: likazizira limatha kupanga timibulu pansi, ndipo timeneti tiyenera kusungunuka kaye. Kenako m'chubu cha 50 ml mumaika 100 µl ya proteinase K pansi penipeni, n'kuthirapo 4 ml ya magazi osakanizidwa bwino. Maselo oyera amakhazikika chubu chikaima, ndiye amene angayamwe pamwamba osatembenuza watenga madzi ambiri ndi maselo ochepa. Mumagwedeza pa vortex masekondi 3, n'kudikira mphindi 1. Mumathira 2.5 ml ya lysis reagent, vortex masekondi 10, kudikira mphindi 5, vortex kachiwiri masekondi 10, kudikiranso mphindi 5. Pofika apa magazi asanduka madzi oderako, olendalenda. Mumatapamo 1 ml yokha kupita m'chubu chatsopano, n'kuwonjezera 1.5 ml ya lysis reagent, vortex, kudikira mphindi 10, kenako 2 ml ya ethanol, vortex komaliza. Zonsezo, pafupifupi 4.5 ml, zimalowa m'chibowo chachikulu cha katiriji, ndipo wash reagent amalowa m'chibowo chake chaching'ono. Kusinthanitsa zibowo ziwirizi n'kutaya katiriji. Mukatseka chivindikiro n'kusikana barcode, makina amatenga pafupifupi ola limodzi ndi mphindi 45.

Chimodzi chimene timayamikira: lysate, kutanthauza magazi osungunulidwa aja, wotsala m'chubu choyamba, woposa 5 ml, musataye. Ngati katiriji yalephera, mumabwereza kuchokera pamenepo osaitananso wodwala amene mwina wakwera kale minibasi kubwerera kumudzi. M'firiji amakhala maola ochepa, koma mu freezer ya madigiri 20 pansi pa ziro amakhala miyezi. Izi zimathandizanso chipatala chimene chilibe makatiriji lero: konzani lysate magazi ali atsopano, muumitseni, mudzayeze katundu akafika.

Mphindi zodikirazo si zokongoletsa. Wofupikitsa mphindi 10 kukhala 3 chifukwa cha mzere wa masampulo a TB amasiya maselo osasungunuka bwino, madziwo amalimba, pisitoni ya m'makina imalephera kukankha, ndipo mumalandira ERROR ya kupanikizika, imene ambiri amaidziwa ndi nambala ya 2008. Vuto lomweli limabwera ndi wodwala watsopano amene maselo ake oyera ndi ochuluka zedi. Maselo akaposa 30,000 pa microlitre, malangizo a kampani ali ndi njira ina yogwiritsa timagazi tochepa kwambiri m'malo mwa 4 ml. N'chifukwa chake fomu yopempha kuyeza iyenera kukhala ndi chiwerengero cha maselo oyera cha tsiku lomwelo. Fomu yopanda nambala imeneyo imadyetsa katiriji.

Vuto la ulendo

RNA si DNA. Imayamba kuwonongeka magazi akangotuluka m'thupi, ndipo kutentha kumaifulumizitsa. Magazi ayenera kusungidwa ozizira, osaumitsidwa, ndipo akonzedwe masiku 3 asanathe. Chubu chotengedwa Lachisanu masana ku Nsanje kapena ku Karonga mwezi wa October, chopanda ayezi, n'kudzafika pa benchi Lachiwiri, sichingapereke yankho lodalirika. Nthawi zina makina amakutetezani polemba INVALID chifukwa ABL1 yachepa, ndipo zimenezo n'zabwino, mwangotaya ndalama basi. Choopsa ndi sampulo imene yawonongeka pang'ono, yodutsa malire mwamwayi. Imeneyo ingatuluke NEGATIVE pamene jini inalipo yochepa, chifukwa mu RNA yotsalayo munalibe kokwanira kofufuzamo. Wa labotale wanzeru amayang'ana Ct ya ABL1 asanasaine. Makina amavomereza Ct ya ABL1 kuyambira 8 kufika 18, koma NEGATIVE wotuluka ndi Ct yoyandikira 18 sitimukhulupirira mofanana ndi wotuluka ndi 12 kapena 13. Ndi bwino kupangana masiku otenga magazi, Lolemba mpaka Lachitatu, kapena kungoti wodwala atengedwe magazi pa chipatala pomwe pali makina.

Kumene ngakhale izi sizitheka, pali njira ya madontho a magazi ouma papepala, yofanana ndi DBS imene timaidziwa poyeza makanda HIV. Bungwe la The Max Foundation la ku Seattle, limene limagawa imatinib m'mayiko osauka mogwirizana ndi kampani ya mankhwala ya Novartis, linagwirizana ndi labotale ya Dr Jerald Radich ku Fred Hutchinson pa ntchito yotchedwa Spot On CML, yotumiza mapepala otere pa positi. Imathandiza kwambiri potsimikiza matenda, koma timadontho tochepa sitingaone mozama ngati 4 ml ya magazi atsopano.

Za magetsi ndi kutentha tingodutsapo, poti aliyense wa GeneXpert amazidziwa. Magetsi akathima pakati pa ntchito mumalandira NO RESULT ndipo katiriji yapita, ndiye UPS kapena batire ya sola iyenera kunyamula maola awiri athunthu, osati mphindi 20. Chipinda chikapitirira madigiri 30 ma module, malo a m'makina olowetsamo makatiriji, amayamba kukana. Kusiyana kwake n'kwakuti katiriji ya TB, imene mtengo wake unatsika mu 2023 kuchoka pa madola 9.98 kufika 7.97, mukaitaya mumangodandaula pang'ono, pamene iyi ndi yodula kangapo kuposa pamenepo ndipo simabwera m'makatoni ambirimbiri. Musaiyambitse pa nthawi imene mukudziwa kuti magetsi amakonda kuthima.

Kuwerenga nambala

Yankho limabwera kale pa International Scale, yolembedwa IS, ndipo uwu ndi ubwino wachiwiri waukulu. Ma labotale a PCR ya masiku onse amayenera kusinthana masampulo ndi labotale yaikulu kuti apeze nambala yawo yosinthira, ntchito yotenga miyezi ndi ndalama. Apa nambala zosinthirazo zili mu barcode ya gulu lililonse la makatiriji. Zotsatira za ku Lilongwe zingaikidwe pambali pa za ku Johannesburg kapena ku London n'kumveka chimodzimodzi, zimene zimathandiza wodwala amene anayamba mankhwala kunja n'kubwerera kumudzi.

Sikelo imeneyi imasokoneza ambiri, madokotala omwe. 100 peresenti sitanthauza kuti maselo onse ndi a khansa. Ndi poyambira pongogwirizana, potengedwa pa odwala 30 osalandira mankhwala mu kafukufuku wa IRIS, amene anayerekeza imatinib ndi interferon. Kuchokera pamenepo timawerenga kutsika kwa kakhumikakhumi. Pa 1 peresenti, chromosome ya Philadelphia imakhala itasowa kale poyang'ana maselo a mafuta a m'mafupa. Pa 0.1 peresenti ndi pamene timati MMR (major molecular response) kapena MR3, kutanthauza kutsika kakhumi katatu, ndipo wodwala wokhazikika pamenepa kawirikawiri matenda ake sakula n'kufika pa gawo loopsa lotchedwa blast crisis. Kenako 0.01 ndi MR4, ndipo 0.0032 ndi MR4.5. Katiriji imawerenga kuyambira 55 peresenti kutsika mpaka 0.0030, ndiye kuti imafika pa MR4.5 mongokwanira. Onani kuti peresenti ikamatsika, nambala ya MR imakwera. Wodwala amene wauzidwa kuti wachoka pa 3.1 kufika pa 4.2 angabwerere kunyumba akulira pomwe nkhaniyo ndi yabwino. Komanso ziro mmodzi wosowa pokopera m'kabuku ka kuchipatala amasandutsa 0.05 kukhala 0.5, kusiyana kwa wodwala amene ali bwino ndi amene akufuna kuunikidwanso. Lembani tsiku, peresenti ndi zilembo za IS, ndi MR yake, zonse pamzere umodzi, ndipo ngati n'kotheka matani pepala lenilenilo.

Malangizo a European LeukemiaNet a 2020 amapereka mipherezero yosavuta kukumbukira: 10 peresenti kapena pansi pa miyezi 3, 1 peresenti kapena pansi pa miyezi 6, 0.1 kapena pansi pa miyezi 12. Kuposa 10 pa miyezi 6, kapena kuposa 1 pa miyezi 12, ndiye kuti mankhwala alephera. Pakati pamenepo ndi chenjezo. Kuyeza kumachitika miyezi 3 iliyonse mpaka MMR itakhazikika, kenako miyezi 3 mpaka 6. Kumene makatiriji ndi operewera, ife tingasankhe kuteteza atatu a chaka choyambawo ndi woyeza pachiyambi, chifukwa ndiwo amasintha chisankho cha dokotala, kusiyana n'kuwathera pa wodwala wa zaka 8 amene wakhala pa MR4 osagwedezeka.

Nambala imodzi payokha sinena zambiri. PCR iliyonse imagwedezeka, ndipo kumunsi kwa sikelo kugwedezekako kumakula, chifukwa mukuwerenga tizidutswa towerengeka pa zala. Kuchoka pa 0.02 kufika pa 0.04 si chifukwa chosinthira mankhwala. Kuchoka pa 0.02 kufika pa 0.3 ndi nkhani ina, ndipo ngakhale pamenepo choyamba n'kubwereza kuyeza pakatha mwezi umodzi ndi kukhala pansi ndi wodwala.

Kukhala pansiko n'kofunika chifukwa chimene chimakweza nambala kawirikawiri si kuuma mutu kwa khansa, koma mapiritsi amene sanamwedwe. Kafukufuku wa pa chipatala cha Hammersmith ku London wa 2010 anaonetsa kuti odwala omwa 90 peresenti ya mapiritsi awo kapena kucheperapo anali ndi mwayi wochepa kwambiri wofika pa MMR. Pa mwezi wa masiku 30, kumeneko n'kudumpha masiku 3 okha. Funso lakuti "Kodi mukumwa mankhwala?" limayankhidwa kuti inde nthawi zonse. Lothandiza ndi lakuti, "Bambo, mwezi wathawu ndi masiku angati amene zinavuta kumwa?" Pamenepo mumamva za thiransipoti imene inasowa, za nseru chifukwa chomwa 400 mg pamimba yopanda kanthu, za sabata ya kumaliro. Funsaninso za mankhwala ena. Rifampicin wa TB amafulumizitsa chiwindi kuphwanya imatinib moti wotsala m'magazi amachepa kwambiri, ndipo carbamazepine, phenytoin ndi phenobarbitone a khunyu amachita zofananazo. Kuno kwathu, kumene TB ili paliponse, wodwala CML amene nambala yake yalumpha mwadzidzidzi afunsidwe kaye ngati wayamba mankhwala a TB kuchipatala china.

Pamene katirijiyi ili yakhungu

Apa ndi pamene timaichotsera mamalikisi. Jini ya BCR imatha kudukira malo osiyanasiyana. Odwala CML ambiri zedi ali ndi mitundu iwiri, e13a2 ndi e14a2, imene imapanga puloteni ya p210, ndipo katiriji imaona iwiri yokhayi. Ochepa ali ndi mitundu ina monga e1a2, e19a2 kapena e13a3. Kwa wodwala wotere makina amalemba NEGATIVE mosakayika, ABL1 ili yokwanira bwinobwino, pomwe khansa ili tho m'magazi. Ngati munthuyo anayamba imatinib pongoona magazi ndi kapamba, ndipo kuyeza kwake koyamba kwachitika patatha miyezi 9, dokotala angasangalale ndi NEGATIVE amene alibe tanthauzo lililonse. Lamulo lake ndi limodzi: yezani mankhwala asanayambe. Ikatuluka POSITIVE pa tsikulo, mwatsimikiza kuti katiriji imamuona wodwalayu, ndipo NEGATIVE wa m'tsogolo angakhulupirike. Ikatuluka NEGATIVE kapena yotsika modabwitsa pomwe zonse zikuloza ku CML, sampulo ipite kumene kuli njira zoyang'ana ma chromosome monga FISH ndi karyotype, kapena PCR yoona mitundu yonse. Hydroxyurea wotsitsira maselo podikira sasokoneza kutsimikiza kumeneku.

Chachiwiri, imakuuzani kuti nambala yakwera koma sikuuzani chifukwa chake. Ngati wodwala akumwadi bwino, mwina jini yasintha pamalo amene mankhwala amagwira. Kusintha kotereku kulipo kwa mitundu yambiri, ndipo n'kumene kumatsogolera kusankha mankhwala otsatira. Kwina kumagonja kwa dasatinib, kwina kwa nilotinib, pamene kusintha kotchedwa T315I kumakana imatinib, dasatinib, nilotinib ndi bosutinib yemwe, n'kufuna ponatinib kapena asciminib. Zimenezi zimaoneka ndi sequencing basi, njira yowerenga jini chilembo ndi chilembo. Katiriji siuzanso ngati matenda alowa mu blast crisis. Imeneyo ikadali ntchito ya galasi, maikulosikopu ndi mafuta a m'mafupa.

Chachitatu, dzina lakuti khansa ya m'magazi limaphimba matenda osiyana kwambiri, ndipo achibale ena amamva za kuyezaku n'kukafunsa kuti mwana wawo ayezedwenso. Ana ambiri odwala mtundu wotchedwa ALL alibe BCR-ABL1, ndipo matenda awo otsalira amayezedwa ndi flow cytometry kapena pofufuza majini a immunoglobulin ndi T-cell receptor, pamene malire odziwika ndi selo 1 pa 10,000 kumapeto kwa gawo loyamba la chithandizo. Njira ya clonoSEQ, imene inavomerezedwa ku America mu 2018, imafika pa selo 1 pa 1,000,000. Odwala ALL amene ali ndi chromosome ya Philadelphia ambiri ali ndi puloteni ya p190, osati p210, ndipo imeneyo ili ndi katiriji yakeyake. Pa mtundu wa AML amalondola majini ena monga NPM1, ndipo pa mtundu wa APL ndi PML-RARA. Kugwiritsa Ultra ya p210 pa aliyense wa amenewa n'kutaya ndalama, ndipo choipa kwambiri n'kupatsa banja chiyembekezo chabodza.

Nanga kusiya mankhwala?

Funso limeneli limabwera wodwala akaona NEGATIVE kawiri katatu, makamaka mayi wachitsikana amene akufuna mwana, poti imatinib ingawononge mwana m'mimba. Kusiya n'kotheka kwa ena. Kafukufuku wa STIM wa ku France, wofalitsidwa mu 2010, anasonyeza kuti pafupifupi 40 pa odwala 100 amene jini inali itasowa kwa zaka 2 anakhalabe bwino atasiya. Otsalawo matenda anabwerera, ambiri m'miyezi 6 yoyamba, ndipo anabwereranso m'malo atayambiranso kumwa. Malangizo a 2020 aja amafuna zaka zoposa 5 pa imatinib, zaka zosachepera 2 pa MR4 kapena kuzama kuposa apo, jini ya mtundu wa e13a2 kapena e14a2, ndi wodwala amene sanalepherepo mankhwala. Akasiya amayezedwa mwezi uliwonse kwa miyezi 6, miyezi 2 iliyonse mpaka chaka chithe, kenako miyezi 3 iliyonse, ndipo nambala ikangodutsa 0.1 mankhwala amayambiranso.

Werengani: makatiriji 9 m'chaka choyamba kwa munthu mmodzi, pafupifupi bokosi lonse, ndipo yankho lililonse lifike kwa dokotala m'masiku ochepa. Kuzama kwa katiriji n'kokwanira pa ntchitoyi, ndipo liwiro lake la tsiku lomwelo limaposa ma labotale ambiri akuluakulu. Chimene chimalephera ndi katundu. Chipatala chimene sichingalonjeze kuti makatiriji 9 amenewo ali m'firiji, osadutsa tsiku lake lotha ntchito, chisamusiyitse wodwala mankhwala, chifukwa full blood count imadzaonetsa kubwerera kwa matenda patapita nthawi yaitali PCR itayamba kale kukwera. Ndipo wodwala asasiye yekha poona pepala.

Pa tsiku lotha ntchitoli palinso kenakake. CML si matenda ofala, ndi munthu 1 kapena 2 pa anthu 100,000 pachaka, ndiye chipatala chaching'ono chokhala ndi odwala atatu kapena anayi chingaone bokosi likutha nthawi lisanathe. Katirijiyi imapindula kumene odwala amasonkhana, monga ku zipatala zazikulu za ku Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu, pa tsiku la kiliniki limodzi lodziwika, module imodzi itasungidwira ntchitoyi kuyambira m'mawa kuti isalimbirane ndi makhololo a TB. Wodwala akatengedwa magazi 8 koloko, pofika 11 koloko nambala ili patebulo la dokotala, ndipo munthu amanyamuka ndi mapiritsi a miyezi itatu komanso yankho lake pa ulendo umodzi. Makina a ma module anayi, imodzi yokha itaperekedwa, amakwanitsa odwala anayi pa tsiku la ntchito. Akaposa pamenepo, konzani ma lysate onse m'mawa magazi ali atsopano, otsalawo alowe mu freezer, muwayeze mawa lake.